Bokosi loumitsira chidede la kalipentala wa ku Chinamwali: ndaliyesa, nazi zoona zake

Ngati mumalima chidede kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba, ndipo chaka ndi chaka gawo lalikulu la zokolola zanu limathera ku dzala la zinyalala chifukwa cha chuku, bokosi loumitsira pa dzuwa lomwe amakhoma kalipentala wina wa ku Chinamwali ndi lofunika kuliganizira. Ine ndinagula, ndaligwiritsa ntchito mokwanira, ndipo ndikufuna ndifotokoze mosabisa kanthu, chifukwa ambiri amene amabwera kudzaliona kwathu ku Matawale amachoka akuganiza kuti bokosili limathetsa zonse. Limathandiza kwambiri, koma lili ndi malire ake, ndipo pali zinthu zina zomwe muyenera kukambirana ndi mmisiri asanayambe n'kudula komwe thabwa loyamba.

Dzuwa tili nalo lokwanira. Chomwe chimatisautsa ndi nthawi imene chidede chimakhwimira. Timadzala ndi mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala, ndipo chimakula msanga, masamba ake n'kumatipatsa ndiwo zowawasa zija zotendera. Koma maluwa sichitulutsa mpaka usana utayamba kufupika. Kaya muthire manyowa ochuluka bwanji, chimadikira Malichi kapena Epulo. Ndiye kukolola kumagwera kumapeto kwa Epulo, Meyi mpaka Juni, nthawi yomweyo imene chiperoni chimayamba kutiyendera. Anzathu a kuchigwa cha Shire amangoyala pa mphasa, mawa kapena mkuja n'kuyanula. Ife a m'munsi mwa phiri timadzuka phiri lonse litabisika mu nkhungu, kamvula kowaza kosaleka, mphepo yozizira yachinyontho ikuwomba kuchokera cha ku Mozambique, ndipo zimatha kukhala choncho masiku angapo otsatizana. Malaya enieniwo sauma pa chingwe, nanji chidede, chomwe pa makilogalamu 10 aliwonse pafupifupi 9 ndi madzi okhaokha. Mukachisiya pa lichero m'nyumba chimayamba kunanda, kenako timadontho toyera, kenako fungo lovunda. Tsiku limene dzuwa lawala mukayala pabwalo, kumabwera nkhuku, ntchentche ndi fumbi la mumsewu.

Bokosilo lili ndi zigawo ziwiri. Kutsogolo kuli kabokosi kosaya, kotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, kogonekedwa mopendekeka. Pansi pake anakhomerapo lata lopaka penti wakuda, pamwamba n'kukungapo pulasitiki woonekera. Mpweya umalowera kumunsi, pakamwa potchingidwa ndi neti, latalo limautenthetsa, ndipo umakwera wokha n'kulowa m'kabati yomwe ili kumbuyo. Kabatiyo ndi ya matabwa a paini, yaima pa miyendo inayi, ili ndi chitseko kumbuyo ndi mathileyi 5 osolola. Pamwamba pali kachumuni kovala chipewa cha lata, kotulutsira mpweya womwe watenga chinyontho. Palibe magetsi, palibe batire, palibe fani. Kaya magetsi azime tsiku lonse, ilo likugwira ntchito yake.

Chomwe chinandikopa n'chakuti maluwa omwe ali m'kabati saonana ndi dzuwa. Amangolandira mpweya wofunda. Amene anapitako ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, anaonako timanyumba ta pulasitiki momwe amayi amaumitsiramo matemba. Mmenemo kuwala kumalowa mpaka pa nsomba, ndipo kwa nsomba palibe vuto. Chidede ndi china. Kufiira kwake kumachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa anthocyanin, womwe umafwifwa ndi kuwala kwa dzuwa komanso kutentha kopyola muyeso. Chidede chouma pamtetete chimasanduka chofiirira motuwa, pena chakuda. Cha m'bokosili chimatuluka chofiira kwambiri, chakuya, ndipo mukachiviika m'madzi otentha mtundu umatsika nthawi yomweyo. Pa mfundo iyi yokha mmisiriyu ndimawayamikira, chifukwa anaganiza bwino.

Poliimika, pulasitiki uja aziyang'ana kumpoto, cha ku Malosa. Zomba ili pafupifupi madigiri 15 kum'mwera kwa equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), ndiye miyezi yozizirayi dzuwa limadutsa cha kumpoto kwathu, silifika paliwombo. Mmisiriyu atabweretsa bokosi anayamba azungulira bwalo lonse kuyang'ana mithunzi ya mango ndi ya mpanda, kenako n'kuloza pamalo. Amene mumakhala mokhudzana ndi phiri, monga cha ku Mulunguzi, dziwani kuti dzuwa lamadzulo limabisala msanga kuseri kwa phiri, choncho sankhani malo omwe amalandira dzuwa la m'mawa lonse.

Koma bokosi lisanalandire kanthu pali ntchito ya manja, ndipo apa ndi pamene chidede chabwino chimasiyanirana ndi choipa. Duwa lenileni, lachikasu chotuwa lokhala ndi diso lofiira pakati, limamasula m'mawa, pofika madzulo lafota, kenako lagwa. Chomwe timakolola ndi kachikho kofiira komwe kanagwira duwalo kumunsi. Duwa likagwa kachikhoko kamatseka n'kuyamba kunenepa, mkati mwake mukukula kathumba ka njere. Pakapita masabata awiri kapena atatu ndiye kafika pake: konenepa, konyezimira, kothyoka ndi kaphokoso mukakapinda. Mukachedwa kamalimba, kamachita ulusiulusi, ndipo kukoma kumachepa. Mtengo umayamba kukhwimitsa za m'munsi, za kunsonga zikadali timphukira, ndiye simukolola kamodzi. Mumabwerera pa mtengo womwewo sabata ndi sabata. Musazule ndi dzanja, chifukwa khungwa la nthambi limasupuka ndipo timphukira ta pamwamba timafota. Dulani ndi sizasi yakuthwa, pafupi ndi tsinde la kachikho. Ine ndimadikira mame aume kaye, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndiye n'kulowa m'dimba ndi dengu.

Kutsuka kuzichitika musanachotse njere. Kachikho kakadali kotseka madzi amangotsuka fumbi ndi tizirombo ta kunja. Mukatsuka mutatumbula kale, muona madzi a m'beseni afiira, ndipo ndiwo mtundu ndi kukoma komwe mukutaya. Mukatsuka yalani pa lichero pamthunzi kuti madzi akhe, mpaka pogwira pasanyowetse chala.

Pogula bokosi mmisiriyu amakuonetsani kachitsulo kochotsera njere, komwe amagulitsa padera pa mtengo wochepa. Ndi kapaipi kafupi, kukula kwake kongokwana chala chamkombaphala, konoledwa kumapeto, kokhala ndi chigwiriro cha mtengo. Mumakaika kumunsi kwa kachikho pamene panali phesi, mumapotoza pang'ono uku mukukankha, ndipo kathumba ka njere kamatulukira kukamwa, kachikho n'kutsala kathunthu. Kale ndinkachita ndi mpeni, kucheka mozungulira kumunsi kapena kung'amba m'mbali. Dengu lomwe linkatidyera masana onse ine ndi mdzukulu wanga, pano timalimaliza nsima yamasana isanapse. Kachitsuloka musakasiye, gulani. Kali ndi zofooka ziwiri. Kukula kwake ndi kumodzi, ndiye timakachikho tating'ono ta kumapeto kwa nyengo timang'ambika, ndipo pamenepo mpeni umabwereranso. Chachiwiri, kamachita dzimbiri msanga chifukwa cha kuwawasa kwa chidede. Mukangomaliza katsukeni, kapukuteni, kapakeni kadontho ka mafuta ophikira. Mukakasiya usiku umodzi osatsuka, m'mawa mupeza kada.

Kathumba ka njere kali ndi ubweya wosaoneka bwino womwe umayabwa ngati chitedze, makamaka pakati pa zala ndi pa mkono. Valani magolovesi, kapena mangani timapepala ta pulasitiki m'manja, ndipo ana amene akuthandiza auzeni asatikite m'maso. Njere zomwe mwachotsa panthawiyi n'zosakhwima, sizingamere, zipite ku manyowa. Za mbewu siyani mitengo iwiri kapena itatu yobereka bwino osaikhudza, mpaka timatumba tiume tokha pamtengo n'kuyamba kuyasama.

Pali funso lomwe amayi a kumpingo amandifunsa kawirikawiri: kuumitsa kathunthu kapena kung'amba pakati? Kathunthu kamakongola m'botolo ndipo ogula amakakonda, koma kamachedwa kuuma chifukwa mkati mumabisala chinyontho. Kumwamba kukakhala koyera ndimasiya tathunthu. Ndikaona mitambo ikusonkhana cha ku Mulanje ndimang'amba pawiri, chifukwa tsiku limodzi lomwe mwapulumutsa ndi lomwe limasiyanitsa chidede chouma ndi chovunda.

Tsopano cholakwika chachikulu cha bokosili monga linabwerera. Mathileyi onse anali okungidwa ndi neti ya waya, yonga ija ya m'mawindo. Ulendo woyamba sindinaone kanthu. Pofika ulendo wotsatira maluwa a pa thileyi ya pansi anatuluka ndi mizere yakuda yolembeka mofanana ndi maso a wayayo, ndipo chakumwa chake chinali ndi kakomedwe ka chitsulo. Madzi owawasa a chidede anali atadya waya, dzimbiri n'kumamatira pa maluwa. Thileyi imeneyo yonse ndinataya, ndipo zinandipweteka, chifukwa zinali zokolola za kumayambiriro kwa nyengo, zonenepa kuposa zonse. Ndinanyamula thileyi imodzi ndi maluwa odzaza dzanja n'kupita nazo kushedi kwawo.

"Bambo, taonani zimene wachita waya wanuyu."

Anatenga duwa limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza. "Pepani kwambiri amayi. Ife tinazolowera kukhomera anthu a tsabola ndi masamba, sitinkadziwa kuti chidede chimadya chitsulo chonchi. Bweretsani mathileyi onse, tisintha. Inu mungogula neti, za ntchito musalipire."

Sanakane, sanandiimbe mlandu woti sindinasamale, ndipo mawu awo anasunga. Chokhacho, ntchito yomwe anati itha mawa inatenga nthawi yaitali ndithu, pakati penipeni pa nyengo yokolola, maluwa akukalambira m'dimba. Mmisiriyu ali ndi luso ndi mtima wabwino, koma amalandira ntchito zambiri kuposa manja ake, ndipo zitseko ndi mabedi a anthu ena zimapita patsogolo. Choncho nenani pachiyambi pomwe kuti mukufuna neti ya pulasitiki yolimba, yomwe imapezeka m'masitolo a zipangizo za ulimi, ndi timitengo topingasa pansi pake kuti isalendewere. Ndipo chonde, musalole kuti wina akunyengeni kudula neti yogonamo. Maneti a udzudzu ndi onyikidwa m'mankhwala opha tizirombo, sayenera kukhudzana ndi chakudya, komanso ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Nkhani ya chitsuloyi ipitirire mpaka kukhitchini: chidede musachiviike kapena kuchiwiritsa m'poto wa aluminiyamu kapena wachitsulo wamba. Mphika wadothi, jagi yagalasi kapena poto wa stainless steel ndiye zoyenera.

Chomwe anachita bwino osauzidwa n'chakuti mkati mwa kabati sanapakemo penti kapena vanishi. Penti ali kunja ndi pa lata lokha. Ngakhale zili choncho, bokosi latsopano limanunkha penti ndi utomoni wa paini likatenthedwa, ndiye lisiyeni padzuwa lopanda kanthu kwa sabata yathunthu, chitseko chili chotsekula pang'ono, musanaikemo chakudya.

Tsiku la dzuwa loyera bokosili limakondweretsa. Ndinapachikamo kachipangizo koyezera kutentha, ndipo masana kamasewera pakati pa madigiri 45 ndi 55, pamene kunja munthu wavala juzi. Kutentha kumeneku ndi koyenera, chifukwa kukapyola 60 mtundu ndi fungo zimayamba kuwonongeka. Mukaika dzanja pa kachumuni mumamva mpweya wofunda wonyowa ukutuluka, wonunkhira kuwawasa. Pa nyengo yotere maluwa ong'amba amauma m'masiku awiri, athunthu atatu. Yalani mzere umodzi, asasanjikizane. Thileyi ya pansi imalandira mpweya wotentha koyamba, ya pamwamba imalandira womwe watenga kale chinyontho cha anzake, ndiye masana aliwonse muzisinthanitsa, ya pansi ikwere, ya pamwamba itsike. Mukapanda kutero za pansi zimauma gwa za pamwamba zikadali zofewa. Mathileyi amasololoka bwino, sagwira, ndipo ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa.

Kukula kwake ndinene poyera, chifukwa apa ena amakhumudwa. Thileyi imodzi imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi ya maluwa aawisi. Mathileyi 5, makilogalamu 5, ndipo chomwe mumayanula ndi theka la kilogalamu kapena kupitirira pang'ono. Mukaona dengu lodzaza lasanduka kamulu kokwana m'mbale, musaganize kuti wina wakuberani. Ubwino wake ndi womwe ndanena kale, kuti chidede chimakhwima pang'onopang'ono, ndiye zokolola za sabata imodzi zimakwana m'bokosi, pofika sabata inayo mwayanula kale.

Usiku bokosi limazizira ndipo maluwa ouma theka amayamwanso chinyontho cha mame. Mmisiriyu sanaike chotsekera pakamwa polowera mpweya, ndipo ichi ndi chinthu choti awonjezere. Ine ndimatsekapo ndi kathabwa ndi chiguduli, kachumuni n'kukavundikira ndi chitini. Usiku wa nkhungu ndimasolola mathileyi onse n'kukawasanjika m'chipinda chodyera.

Nanga tsiku la chiperoni, lomwe ndi chifukwa chenicheni chomwe ndinagulira? Apa mvetsetsani. Kopanda dzuwa lata silitentha, mpweya sukwera, ndipo bokosi siliumitsa. Mkati mumangofundirako pang'ono kuposa kunja. Chomwe limachita ndi kusunga: kamvula sikafika pa maluwa, ntchentche sizilowa, ndipo kadzuwa kakangosuzumira kwa ola limodzi bokosi limakagwira msanga kuposa mphasa. Zomwe ndaona n'zakuti maluwa amene analandirako tsiku limodzi lathunthu la dzuwa, khungu lawo litafota, amapirira chiperoni cha masiku atatu kapena anayi osachita chuku, ndipo kukayera amamaliza kuuma bwinobwino. Koma maluwa aawisi olowa m'bokosi tsiku lomwe chiperoni chayamba amavunda mmenemo momwemo, monga akanavundira pa lichero. Choncho bokosi silikuchotserani udindo woyang'ana kumwamba. Mverani a zanyengo pa wailesi, amalengeza chiperoni chikamabwera. Akatero musakolole. Kachikho kali pamtengo sikavunda ndi kamvula, kakhoza kudikira masiku angapo. Kakadulidwa ndiye mpikisano ndi chuku wayamba. Mmisiriyu anandiuza kuti akhoza kuika malo a mbaula pansi pa kabati kuti pa masiku otere makala azithandiza. Ndinakana. Chidede chimatenga fungo la utsi msanga, ndipo makala pansi pa kabati ya paini, pabwalo pomwe pamasewera ana, ine mtima sungakhale m'malo.

Kudziwa kuti chauma n'kosavuta. Chikhale chothyoka, osati chopindika, ndipo mukagwedeza thileyi chizilira tswatswa. Chisiyeni chizizire kaye, chifukwa chofunda chimanamiza, chimaoneka chofewa kapena chimatuluka thukuta m'chosungira. Ndikakayika ndimaika pang'ono m'botolo lagalasi louma, kutseka, n'kuliika padzuwa kwa kanthawi. Galasi likachita nthunzi mkati, zonse zibwerere m'bokosi. Chouma bwino ndimasunga m'mabotolo otseka kapena m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro chothina, m'kabati ya mdima, ndipo chimafika nyengo ina yokolola chikadali ndi mtundu wake. M'thumba la saka chimayamwa chinyontho cha Januwale n'kuwonongeka.

Kukoma kwake ndi komwe kumandichititsa kunena kuti ndalama sinapite pachabe. Dzanja limodzi m'lita imodzi ya madzi owira, kuvundikira kwa mphindi 10 kapena 15, kusefa, kuthira jinja wosinja ndi shuga kapena uchi. M'nyengo yozizira timamwa chotentha, mu Okutobala chozizira. Palibe mchenga pansi pa kapu, palibe fungo la m'nyumba, kuwawasa kwake n'koyera. Ndinayerekeza ndi chomwe ndinagula m'timapepala pamsika, ndipo kuti mtundu ufanane ndinafunika kuthira chogulacho chochulukirapo ndithu. Mbewu yomweyi ndi imene ku Senegal amapangira bissap, ku Nigeria zobo, ku Sudan ndi ku Egypt karkade, ndipo Sudan ndi Nigeria amaigulitsa youma kumayiko akunja. Ife timaidzala m'mphepete mwa munda ngati yongoperekeza chimanga, pamene ikhoza kubweretsa ndalama ikasamalidwa. Amene mukuganiza zoika m'mapaketi n'kupereka m'masitolo, dziwani kuti pamafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo kaumitsidwe kaukhondo ndi poyambira pake. Ambiri amachifuna chifukwa cha BP. Kafukufuku anaonetsa kuti chimathandiza kutsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma ndikupempheni, musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha chidede, ndipo amene mukumwa mankhwalawo kapena muli oyembekezera yambani mwafunsa adokotala.

Cholakwika chachiwiri ndi pulasitiki wa pamwamba. Anaika wamba, wogula pa mita mumsika. Pofika dzuwa la Okutobala anali atachita chikasu, ndipo mphepo ya mvula yoyamba inamung'amba. Pemphani pulasitiki wa greenhouse, wochindikala mamaikuloni 200, wopangidwa kuti azipirira dzuwa. Ndi wodula koma amakhala zaka. Galasi limatenthetsa bwino koposa, koma pabwalo pomwe ana amamenya mpira silikhalitsa. Nyerere nazo zimakwera miyendo, makamaka mukaikamo zipatso, ndipo chiswe cha kuno sichichedwa kupeza paini. Miyendo yanga yaima pa njerwa, uliwonse m'kachitini ka oyilo wakutha wa galimoto. Mvula ikayamba bokosi lonse limalowa pakhonde.

Za mtengo: panthawi yomwe ndinkagula, bokosi ndi kachitsulo kaja pamodzi zinandidyera ndalama yoyandikira mtengo wa thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 la m'sitolo. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya lata, misomali, penti ndi pulasitiki sikhazikika, ndiye mtengo womwe angakuuzeni lero amati ndi wa sabata imeneyo yokha. Amafuna theka poyamba kuti agulire zipangizo, lotsala mukamatenga. Zimenezi ndinaziona zachilungamo. Pemphani kuti alembe papepala zomwe mwagwirizana, kuphatikizapo mtundu wa neti ndi wa pulasitiki. Pa kabaza silikwera. Chigawo cha kutsogolo chimamasulidwa ndi mabawuti, koma kabati imafuna anthu awiri ndi kagalimoto ka bokosi kumbuyo, ndipo mtengo wa mayendedwe ndi wanu.

Nyengo ya chidede ikatha bokosi silikhala chabe. Mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chisoso umatuluka wobiriwira, wopanda mchenga, bola muyambe mwafutsa m'madzi otentha monga mwa nthawi zonse. Masamba a chamwamba amauma tsiku limodzi. Tomato wodula mopyapyala amauma bwino mu Seputembala ndi Okutobala pamene watchipa pamsika. Mango amavuta chifukwa amapsa nthawi ya mvula. Kambuzi amauma bwino kwambiri koma ukali wake umatsalira pa neti, ndiye akhale ndi thileyi yakeyake. Mnzanga wina wokongoletsa m'maukwati anabweretsa marozi a pakhomo pake kuti tiyese. Anauma msanga koma anakhwinyata n'kuyoyoka. Maluwa okongoletsera safuna bokosi: achotseni masamba a m'munsi, mangani timitolo tating'ono, pachikani chadodolido m'chipinda cha mdima chopita mphepo, adzauma okha m'masabata awiri kapena atatu ali ndi maonekedwe awo.

Si aliyense ayenera kugula. Ngati muli ndi mitengo yosakwana 10, lichero pakhonde lovundikira ndi nsalu yopyapyala likukwanirani, bola muzisankha masiku. Ngati mwadzala theka la ekala, bokosili lichepa kutalitali, mukufunika kanyumba koumitsira. Ilo ndi la munthu wa pakatikati, wa mitengo 20 mpaka 60, womwa yekha ndi banja lake n'kugulitsako pang'ono kuntchito kapena kutchalitchi. Amayi a banki m'khonde ya kwathu anaganiza zosonkherana kugula limodzi. Ndinawachenjeza kuti chidede cha onse chimakhwima sabata zomwezo, ndipo masiku a dzuwa ndi omwewo, choncho agwirizane za mmene azisinthanirana bokosilo asanapereke ndalama.

Mukafuna lanu, pitani mu Januwale kapena Febuluwale, osadikira kuti maluwa ayambe kuoneka. Mmisiri apeze nthawi, ndipo matabwa akhale ouma. Paini wambiri wogulitsidwa kuno amakhala wongochekedwa kumene, ndipo akakhomedwa ali wamuwisi amafota n'kusiya mipata yomwe imaba mpweya wotentha usanafike pa mathileyi a pamwamba. Chitseko changa chinachita mpata wolowa chala, mpaka tinamatapo mphira ya chubu cha njinga. Tsiku lokatenga, musanapereke ndalama yotsala, litulutseni padzuwa, chotsani mathileyi, lowetsani mutu m'kabati n'kuyang'ana m'makona ndi m'mphepete mwa denga. Paliponse pomwe pakulowa kuwala, kupatula pa kachumuni ndi polowera mpweya, atseke inu muli pomwepo.